Khomo la Akamwini

Kalekale, tchalitchi chathu chikadali cha udzu, m'mudzi muno munali mkamwini wina dzina lake Gerevazio, agogo awo a agogo anu. Anali mmisiri womanga nyumba. Paja munandifunsa kuti kakhomo kam'mbali mwa tchalitchi n'kachiyani? Senderani kuno, koma moto muutalikire.

Masiku amenewo mkamwini sankaonana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Akawaona m'njira, ankapatukira kutchire. Tchalitchi cha udzu chinali ndi mipata ponseponse, aliyense ankalowera kwake. Koma akhristu ataumba njerwa, n'kuziwotcha, n'kumanga chatsopano, wansembe analamula khomo limodzi lokha.

Lamulungu loyamba Gerevazio anapeza apongozi ake, a Nachisale, ataima pakhomo pomwepo. Anabwerera. Sabata yotsatira, anabwereranso. Misa ankaimvera pansi pa mtengo wa mango.

Katekisiti anamutsatira komweko. "A Gerevazio, Abambo akuti mwana wanu sabatizidwa ngati inu muzipempherera kumango. Nyumba mwamanga nokha, mukuiopanso?"

"Nyumba sindikuiopa, aphunzitsi. Ndikagundana mapewa ndi apongozi pakhomo paja, mawa mundiona nditasenza mphasa, ulendo wakwathu."

Inu mukanatani? Kutaya ubatizo wa mwana, kapena kutaya banja?

M'mawa mwake anatenga nyundo n'kupita kwa wansembe. "Bambo, khoma lakum'mawa ndinamanga ndine. Ndiloleni ndiliboole pang'ono."

Wansembe anaseka. "Kodi apongozi akowo amaluma?"

Yankho linachokera kuseri kwa nyumba. Anali a Nachisale, atabwera ndi mazira a Abambo, nkhope atalozetsa kukhoma. "Sindiluma, Bambo, koma ulemu wakewo ndimaufuna. Muloleni aboole. Mdzukulu wanga asakhale wosabatizidwa chifukwa cha njerwa zochepa."

Gerevazio anaboola. Tsiku la ubatizo bambo a mwanayo analowera kakhomo kakang'ono, a Nachisale khomo lalikulu, ndipo mwana anathiridwa madzi onse awiri ali m'katimo, aliyense akuyang'ana kwake.

Tchalitchi chija anachikuza, anachifolera malata, anaikamo simenti. Nthawi zonse pamapezeka wina wofuna kutseka kakhomoko, ndipo nthawi zonse a kubanja kwathu amakana. Ndiye chifukwa chake mpaka lero, kwathu kuno sitikumba maziko tisanafunse amene adzalowe m'nyumbamo kuti adzalowera pati.

Koma mukamadutsapo muziwerama, ananu, mungadzigunde mutu. Gerevazio anali wamfupi, ndipo anayeza ndi msinkhu wake.