Utsi Wosowa Potulukira

Pakati pa garaja ndi sitolo ya penti panali shedi ya mmisiri wowotcherera zitsulo. Luso anali nalo, zimenezo tisamunamizire. Geti akapanga iye silinkalira, ndipo mapaipi a utsi a magalimoto anawotcherera osawerengeka. Chilema chake chinali chimodzi, funso ankalimva ngati chipongwe.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, pikapu ikubangula ngati chigayo. Mayiyu ntchito yake inali yonyamula anapiye ongoswedwa kumene kukapereka kwa alimi, ndipo mawa lake anali ndi ulendo wa makatoni khumi. Paipi ya utsi inali itadyeka ndi dzimbiri. Mmisiri anakwawira kunsi, n'kuizula, n'kutenga ina yatsopano, yonyezimira koma yowonda, yomwe ankaika m'timagalimoto tating'ono.

Mlamuyo sankatha kuona chinthu osachigwira. Anatola paipi yakale n'kupisamo dzanja, linalowa lonse. Mu yatsopano munangolowa zala zitatu.

"Alamu, bwanji yakaleyi ndi yonenepa chonchi? Nanga chitsulo changati nkhonochi, pomwe paipi ikuyambirapa, ntchito yake n'chiyani?"

"Imeneyo ndi tebo, zokometsera chabe," anatero mmisiri. "Utsi ndi utsi basi. A kufakitale chitsulo chimangowachulukira. Inu dziwani za nkhuku."

"Tikanangofunsako amakaniko pagarajapa, si patali."

"Ine ndikafunse munthu amene ndinamuona akuphunzira kugwira sipanala?"

Nkhani inathera pomwepo. Pofuna kulambalala tanki ya mafuta, mmisiri anaiotcha paipi yatsopano ija mpaka kufiira, n'kuipinda kawiri pa chitsa. Anawonjezeranso sailensa yachiwiri yochepetsa phokoso kuti mlamu aone kuti pano pali amisiri. Atailiza, galimoto inkangonong'ona. Mayi uja anasangalala, ngakhale anadabwa kuti kamluzu kamene ankakamva akaponda mafuta kanali katazilala.

Mawa lake anapakira anapiye ndi matumba a chakudya chawo. Pamalo osalala zinkayenda bwino, koma atayamba chitunda chachitali galimoto inachita ulesi. Anatsitsa giya n'kuponda mafuta mpaka pansi, iyo osamva. Kunayamba kununkha chitsulo chopsa, kumbuyo kunatuluka utsi wotuwa, kenako injini inatsokomola n'kuzima. Anali masana dzuwa lili paliwombo, pamalopo popanda ngakhale mtengo umodzi. Anapiye anayasamula timilomo. Mayiyo anatsegula makatoni, akukupiza ndi chivindikiro, akuimitsa galimoto iliyonse yodutsa, misozi ili mbwembwembwe. Pomwe wachifundo wina amaima, makatoni atatu anali atakhala chete.

Pikapu anachita kuikoka mpaka pagaraja. Makaniko, bambo wosalankhulalankhula, anamasula tebo ija n'kuitanitsa mmisiri.

"Mukuona kagudumu ka mapikoka? Kamazungulitsidwa ndi utsi womwewo, ndipo kakazungulira kamakankhira mphepo mu injini. Mphamvu zimachokera pamenepo. Koma utsi ukamaliza ntchito uyenera kuchoka msanga, wina alowe. Ukapanikizika kutsogolo umabwerera ndi moto wake wonse, kagudumu kamafooka, oilo amapserera. Injini zakale zija zinkapirira paipi yowonda, iyi ayi."

Anatenga sowo n'kudula paipi pamene inapindidwa paja. M'kati inali itaphwatalala, mpata wake wongokwana chala chachikulu. Mmisiri anainyamula n'kusuzumiramo ndi diso limodzi, nthawi yaitali ndithu. Manyazi anamugwira, komabe chidwi chinamuposa mphamvu.

"Ndiye ikhale yaikulu bwanji? Nanga popinda mumatani kuti isafinyike?"

"Yofanana ndi pakamwa pa tebo, kapena kuposerapo pang'ono. Popinda muzigula zopindapinda kale, zokhota mofatsa. Mukanangotambasula khosi pampandapa, ndikanakuuzani madzi a tiyi asanawire."

Mlamu uja anali atakhala pa tayala, katoni ili pamiyendo, akusankha anapiye ofooka n'kumawadonthezera madzi ndi chala. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino.

"Alamu, kuli alimi atatu amene asesa makola ndi kuyatsa nyale akudikira ine," anatero osadzutsa mutu. "Tiyeni tipitire limodzi, mukawafotokozere ndinu. Ine ndimangodziwa za nkhuku."

Mmisiri anavula magalasi ake akuda n'kukakwera kumbuyo kwa galimoto ya wachifundo uja, pamodzi ndi makatoni aja. Munthu wa zaka makumi atatu pa ntchito anapita kukaima pamaso pa anthu osawadziwa chifukwa cha funso limodzi lomwe yankho lake linali kuseri kwa mpanda. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.