Mwala wa Maina

Panali munthu wina, mmisiri wosema miyala, amene ankakhala m'chigwa chachikulu cha mwini mmodzi. Anthu onse a m'chigwamo ankagwira thangata. Chimanga chinkapita ku nkhokwe za mwini malo, iwo n'kutsala ndi gaga.

Chaka china anthuwo anadzuka nam'pirikitsa mwiniyo. Anapangana kuti nthaka, makasu ndi nkhokwe zikhale za onse, aliyense azigwira ntchito monga mwa mphamvu zake ndi kulandira monga mwa kusowa kwake. Kenaka anachita chimene makolo awo sanachilotepo: anatseka mtsinje pakati pa mapiri awiri. Amayi zikwizikwi anasenza miyala pankhata zaka zisanu ndi ziwiri. Khoma linakwera mpaka munthu woima patsinde pake ankagwetsa chipewa pofuna kuona pamwamba. Madzi atadzaza, ngalande zinawafikitsa m'midzi yonse, ndipo ana anakazinga chimanga chachiwisi pakati pa chilimwe. Mmisiri uja anaona ndi maso ake nkhalamba zitagwada m'ngalande, zikulira.

Pansi pa khomalo panali mwala waukulu wotseka chipata cha madzi, wochindikala zikhatho ziwiri, ndiye kuti zala zisanu ndi zitatu. Anthu anati maina a atsogoleri alembedwe pamwalapo, kuti aliyense wobwera kudzatsegulira madzi aziwaona. Mmisiri anawasema mozama, kuti mvula isawafufute.

Sipanapite nthawi, atsogoleriwo anasemphana. Nankhoma ankati mudzi uliwonse uziyendetsa ngalande yake. Mlongoti, amene anali wapampando, ankati madzi onse akhale m'manja mwa komiti imodzi. Onse awiri ankafuna kuti wosauka akhute, ndipo onse awiri ankawerenga buku limodzi lomwelo. Mlongoti anapambana. Nankhoma anatchedwa mdani wa anthu, napirikitsidwa.

M'mawa mwake wapampando anatsikira kwa mmisiri.

"Dzina la Nankhoma lichoke. Ndipo pasaoneke chipsera."

"Apampando, zilembozi n'zozama. Kuti pasatsale dzenje, ndiyenera kupala nkhope yonse ya mwala, ndilembenso maina otsalawo."

"Nanga mukudikira chiyani, madala? Mwala sulira."

Mmisiri anatenga nyundo ndi tchizulo. Anapala mwala wonse kuzama kwa chala chimodzi, nalembanso maina. Ntchito inali yosalala, moti mlendo sakanadziwa kuti panali Nankhoma.

Patapita zaka zitatu anagwa Kadzakumanja, amene ankati apite kukadzutsa anthu a zigwa zina. Mlongoti ankati ayambe alimbitsa chigwa chawo. Mmisiri anapalanso. Anagwa amene ankati zinthu zisinthe pang'onopang'ono. Anagwanso amene ankati zikuchedwa. Nthawi iliyonse chala chimodzi chinkachoka pamwala, ndipo mmisiri yekha ndiye ankadziwa kuti zala zatsala zingati. Sananene kanthu, pakuti anali ndi adzukulu m'midzi ya kumunsi, ndipo anali ataona kumene ankapita anthu olankhula.

Mlongoti anamwalira ali pampando. Anam'lowa m'malo Kaliwo, munthu wobadwa damu litamangidwa kale. Iye anaulula poyera zoipa zonse za Mlongoti, anthu naomba m'manja. Kenaka anatsikira kwa mmisiri, amene tsopano ankayendera ndodo.

"Agogo, latsala dzina limodzi lonyansa. Mulichotse lero, tiyambe moyo watsopano."

Mmisiri anayang'ana mwalawo. Anakumbukira adzukulu ake akugona kumunsi kwa madzi onse aja. Anaika nyundo pansi.

"Tabweretsani dzanja lanu kuno, mwana wanga."

Kaliwo anaseka. "Dzanja ili n'losainira makalata, agogo. Lopalira miyala ndi lanulo."

Nkhalambayo inam'gwira pamkono n'kudinda chikhatho chake pamwala. Mwalawo unali wozizira, ndipo unkatuluka thukuta. Kaliwo anamva ukunjenjemera pang'onopang'ono ngati chifuwa cha ng'ombe yogona. Kuseri kwake kunali nyanja yonse imene amayi aja anaitseka, ikukankha.

"Ndapala kasanu ndi kamodzi," anatero mmisiri. "Patsala zala ziwiri. Mlongoti anali woipa, sindikukana, ndine ndinkam'tumikira. Koma tchizulo ichi sichikhudzanso mwalawu. Ngati mukufuna, palani nokha."

Kaliwo anakhala chiimire nthawi yaitali, akuyang'ana chikhatho chake chonyowa. Anakweza maso kuona khoma lija, limene linkatseka theka la thambo.

Lamulo linali lamulo: wokana mawu a komiti sakhala m'chigwa. Mmisiri anapirikitsidwa sabata yomweyo, napita ndi ndodo yake kutsidya kwa mapiri. Koma dzina la Mlongoti linatsala pamwala, palibenso amene anayandikira ndi nyundo, ndipo midzi ya kumunsi sinamire.

Inu amene mwayamba kubwera ndi mabuku a chisosholizimu ndi chikomyunizimu, n'kumakangana za amene anamvetsa bwino chiphunzitsocho, musawaseke anthu a m'chigwacho. Anaimitsa mtsinje ndi mitu yawo, ndipo ine ndikaganiza zimenezi ndimachita nthumanzi. Maiko amene anayenda njira imeneyi anachitadi zazikulu zotere, ndipo ambiri anaphwasuka, adani akunja ali chionerere. Wotsutsana nanu m'gulu lanu lomwelo nayenso anasenza nawo miyala. Mugonjetseni ndi mawu ngati mungathe. Koma tsiku limene mudzafune kuti dzina lake lizimiririke ngati sanakhaleko, muyambe mwafunsa mmisiri kuti mwala watsala zala zingati.