Onse Ali Bwino ku Mpatsanjoka

Bwana Kachingwe, mkulu wa ofesi ya chitukuko, adatuma kalaliki wake, Nachisale, kuti akalembe mmene anthu a ku Mpatsanjoka akukhalira. Nachisale adabwerako ndi mapepala odzaza ndi madandaulo: mjigo udafa, mlatho udawola, njala yafika pakhosi.

"Zonyozetsa boma langa izi!" adakalipa bwanayo. "Mutawapatsa moni, adayankha chiyani?"

"Adati ali bwino, bwana."

"Basi, lembani zomwezo! Apo ayi, ntchito yatha."

Nachisale adawomba m'manja mwaulemu. "Chabwino bwana. Koma tipitire limodzi, ndikalembe inu mukuona, kuti aliyense asadzati ndidapeka."

Atafika pamlatho wamitengo uja, Nachisale adapatuka. "Tsogolani bwana, wamkulu sayenda pambuyo."

Bwana adaponda kawiri, mtengo udathyoka, ndipo adangoti phava m'matope mpaka m'chifuwa. Anthu adathamangirako. Nachisale adagwada m'mbali mwa mtsinje, cholembera chili m'manja.

"Muli bwanji, bwana?"

"Ndili bwino, kaya inu?" Moniwo udangotuluka wokha, monga umachitira kwa aliyense.

Nachisale adalemba, nkuimirira. "Tiyeni tizipita, abale anga. Bwana ali bwino."

"Ndivuuleni, anthu inu! Ndikumira!"

"Pepani bwana, pepala likuti mulibe vuto."

"Fufutani zimenezo!"

"Zanu zokha, kapena za mudzi wonse?"

Matope adafika m'khosi, pomwe padali tayi.

"Za mudzi wonse! Mjigo, njala, lembani zonse!"

"Mlathowu nawo tiulembe, bwana," adafunsa Nachisale, "kapena uli bwino?"