Woimba Amene Omukonda Ake Ankakhala M'chitini

Ku Bangwe kunali woimba wina. Sanali munthu woipa ayi, ndipo mawu anali nawo. Akatsegula pakamwa paukwati, ngakhale nkhoswe imene yabwera itakwiya inkayamba kugwedeza phazi kunsi kwa tebulo.

Ankaimba m'bandi ya anthu asanu, yoyenda m'maukwati ndi m'zinkhoswe, zida zili pamiyendo kumbuyo kwa lole ya mchenga. Koma chinthu chimodzi chinkamudya mumtima. Anthu akasangalala ankati, "Koma anyamata aja amatha!" Anyamata aja. Iye amene ankang'amba kukhosi mpaka mitsempha kuima, ankangokhala mmodzi wa anyamata aja.

Tsiku lina anauza mkazi wake Nagama kuti, "Amake Mwatitha, ndatopa kutchukitsa gulu. Dzina langa limveke palokha."

"Nanga ng'oma azikuimbirani ndani?" anafunsa mkaziyo.

"Kompyuta."

Anatulukadi m'bandi muja. Anapita ku situdiyo ina ya chipinda chimodzi ku Chilobwe, yokhoma makatoni a mazira m'makoma, najambula nyimbo yake. Wotsogolera nyimbo anali iye, ovomereza anali iye yemwe, mawu ake ataunjikidwa katatu. Nyimboyo anaitcha "Musanditsekere Kunja." Tisaname, inali nyimbo yabwino: munthu walakwira akwawo, wabwerera, waima pakhomo akugogoda.

Ndiye panali wayilesi ina imene Lamulungu lililonse masana inkaulutsa nyimbo khumi zokondedwa kwambiri m'dziko. Omvera ndiwo ankasankha potumiza uthenga pafoni. Lamulo linali lakuti nambala imodzi ya foni ivote kamodzi patsiku, ndipo mavoti ankatsekedwa Loweruka, faifi koloko madzulo.

Patapita masabata atatu, nyimbo ija inalowa pa nambala naini. Iye sanachite kanthu. Anthu okhaokha, osawadziwa, anaimva naikonda. Woimba uja analumpha mpaka kuthyola mwendo wa mpando. Koma sabata yotsatira inatsikira pa teni. Ndipo teni ndi pakhomo penipeni: ukaterereka pamenepo, wagwera pabwalo.

Anavota ndi foni yake. Anavota ndi ya mkazi wake. Anabwereka ya mlamu wake, akuti akufuna kuyatsa tochi. Kenako nzeru ina inamubwerera, nzeru zija zimabwera munthu ali kubafa.

Masiku amenewo simu ya foni inkagulitsidwa ngati tomato, pamsewu, popanda wofunsa chiphaso. Anagula masimu makumi awiri. Lamulungu nyimbo inakwera pa seveni. Anagula ena makumi asanu. Inafika pa folo. Masimu atakwana mazana atatu, nkudzaza chitini cha mkaka wa mwana, muulutsi anakuwa pawayilesi kuti, "Nambala wani sabata ino, mnyamata wa ku Bangwe!" Anthu a m'mudadada wawo anatuluka kudzamugwira dzanja. Wogulitsa makala anamutcha bwana. Tsiku limenelo anagona akumwetulira.

Koma mpando wa pamwamba suli ngati mpando wa m'tchalitchi woti ukakhala wakhala. Lolemba mavoti ankayambanso pa ziro.

Tamvani ntchito yake. Akadzuka, ankayala chitenje patebulo nkukhuthula chitini. Tsegula foni kumbuyo. Chotsa batire. Lowetsa simu. Bwezera batire. Yatsa. Dikira netiweki. Pala khadi, lowetsa mayunitsi. Tumiza. Zimitsa. Tsegulanso kumbuyo. Kamodzi, kawiri, mpaka mazana atatu. Ovota kale kumanja, osavota kumanzere, ngati mayi wosankha mpunga. Chikhadabo cha chala chachikulu chinang'ambika, chinamera, chinang'ambikanso. Nkhuku za Nagama zinatha imodzi imodzi, zonse zinalowa m'foni.

Ndiponso muulutsi uja ankakonda kuwerenga mauthenga a ovota, choncho simu iliyonse inafunika dzina ndi mudzi. Woimba wathu anabala anthu. Anabala Esinta wa ku Mponela. Anabala a Gondwe a ku Bolero, mphunzitsi wopuma. Anabala mapasa a ku Ngabu amene ankati sadya asanamve nyimboyo. Kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa kunali omukonda, onse akugona m'chitini kunsi kwa bedi.

Lamulungu lina muulutsi anawerenga kuti, "Esinta wa ku Mponela akuti mawu anu amamulowa mpaka m'mafupa." Woimba uja anamwetulira, naweramitsa mutu ngati wachita manyazi.

Nagama anaika mbale pansi. "Esinta ameneyu ndani?"

"Iwe, si ine ndemwe? Ndi simu yobiriwira ija."

"Nanga mukumwetulira chiyani?"

Iye anapitirizabe kumwetulira. Ndi mmene bodza limachitira: ukalidyetsa nthawi yaitali, limayamba kukupatsa moni ngati mlendo.

Masabata khumi ndi anayi ali pamwamba. Gitala inali pakhoma, zingwe zikuchita dzimbiri. Nyimbo yachiwiri sinabadwe, chifukwa nyimbo imafuna munthu wokhala phee, ndipo iye analibe phee. Akamuitana kukaimba paukwati ankakana, poti maukwati ndi a Loweruka, ndipo Loweruka ndilo tsiku lotseka mavoti. Kumaliro ankafika nkuthawa mwambo uli mkati. Maso anafiira, msana unapindika. Akagona ankalota batire ikukana kutuluka. Pa nambala thu panali mtsikana wina wa ku Mzuzu amene sabata iliyonse ankamupumira m'khosi, ndipo woimba wathu ankamutukwana chamumtima kuti, "Ameneyu ali ndi chitini, si zoona zimenezi."

"Abambo," anatero Nagama tsiku lina, "nyimbo imodzi sachezera gule. Tasiyani sabata imodzi yokha, tione amene amakumveranidi."

"Ndikasiya ndigwa."

"Mukagwa mugwera pano pomwe, pakhomo panu."

Iye anangokoka chitini.

Ndiye kunabwera a Kandulu, mwini holo ina yaikulu ku Limbe, munthu wa mimba ndi makiyi ambiri. Anati, "Achimwene, dziko lonse likulira dzina lanu. Loweruka la kumapeto kwa mwezi, thu koloko masana, holo ndi yanu. Mipando faifi handiredi, mwina ichepa."

Woimba uja anaganiza za chitini chija. Akanakana, akanati chifukwa chiyani? Ndiponso kamtima kena kankamunong'oneza kuti: masabata onsewa wayilesi ikukutchula, anthu enieni ayenera kuti achuluka tsopano. Anavomera. Zithunzi zake zinamatidwa m'mitengo ndi m'mapolo a magetsi, dzina lake lokha, zilembo zikuluzikulu. Anaima pansi pa chimodzi nthawi yaitali, akuliwerenga.

Loweruka linafika. M'mawa wonse unathera kometa tsitsi, kusita suti yobwereka ndi kuyesa zokuzira mawu, moti pochoka kunyumba anali atavota ndi masimu makumi anayi okha. Ena onse anawasiya patebulo, atawavindikira ndi chitenje.

Thu koloko inakwana. Iye ali kuseri kwa katani, akusuzumira pakabowo. Mipando yoyera ya pulasitiki inali ndandanda mpaka kukhomo, ngati manda a mumzinda. Hafu pasiti thu. Fili koloko. A Kandulu ankayenda uku ndi uku akuliza makiyi, akutuluka panja kukayang'ana kumsewu ngati khamu lasochera.

Esinta sanabwere. A Gondwe a ku Bolero sanabwere. Mapasa a ku Ngabu, kaya anadya kaya sanadye, sanaoneke.

Munali anthu asanu ndi awiri. Atsikana awiri a sukulu ya unamwino. Bambo wina wokalamba ndi mkazi wake, atavala zofanana. Mlonda wina ali m'yunifolomu, wochokera kuntchito. Mnyamata wa kabaza amene anaimika njinga yake pakhomo. Ndi mayi wina wovala mpango wakuda, atakhala kutsogolo kwenikweni, jumbo ili pamiyendo.

Nagama anatsika kukawapatsa moni, nabwerera kuseri kwa katani maso ali ndi misozi.

"Abambo, mayi wa mpango uyo wachokera ku Namadzi. Akuti mwamuna wake anagona m'chipatala miyezi iwiri, ndipo nyimbo yanu ndiyo ankapempha kuti amuimbire mpaka tsiku lomaliza. Wabwera kuti aimve kwa mwini wake."

"Amavota?" Funso limeneli linatuluka lokha.

"Alibe ndi foni yomwe. Tulukani mukawaimbire."

Woimba uja anayang'ananso pakabowo. Mayi uja anali atakhala mowongoka, akukonza mpango, ngati munthu wodikira mlendo wolemekezeka. China chake chinagwedezeka m'chifuwa mwa woimbayo, chinthu chakale, cha masiku a pa lole ya mchenga. Anakonza kukhosi. Anagwira katani.

Kenako maso ake anagwera pa wotchi ya pakhoma. Kota pasiti fili. Kunyumba masimu mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi anali asanavote, ndipo mtsikana wa ku Mzuzu sanali kugona. Akaimba, faifi koloko imupeza pano. Akathamanga tsopano, mwina apulumutsa theka. Mawa masana dziko lonse lidzamva nambala wani. Za muholo muno adzamva ndani? Anthu seveni.

Anasiya katani.

"Ukawauze kuti ndadwala kukhosi."

"Bambo a Mwatitha!"

Anatulukira khomo la kumbuyo, kumene amataya zinyalala. Akudutsa m'mbali mwa holo, kunsi kwa mawindo, anamva mkazi wake akupepesa kwa anthu aja. Kenako mawu amodzi a mayi wachikulire, osalala ayi, okwera pang'ono kuposa poyenera, anayamba nyimbo ija. Mlonda anavomereza ndi besi. Atsikana aja analowa. Anthu asanu ndi awiri, opanda gitala, opanda kompyuta, akuimba nyimbo yake m'holo yopanda anthu.

Anaima. Sanamvepo chiyambire nyimbo yake ili m'kamwa mwa anthu ena. Phazi limodzi linatembenukira kukhomo.

"Bangwe mmodzi! Bangwe mmodzi yonyamuka!" anakuwa kondakitala kumsewu.

Anakwera.

Anafika, anavundukula chitenje, osavula ndi suti yomwe. Tsegula, chotsa, lowetsa, yatsa, dikira, tumiza. Chala chinatuluka magazi, anachipukutira pathalauza la eni ake. Faifi koloko inamupeza ali pa simu ya zana ndi makumi atatu.

Lamulungu masana anakhala pampando, wayilesi ili pamiyendo. Nagama anali pakhonde, atamufulatira, sanamuyankhule chichokere ku Limbe. Muulutsi anayamba pa teni, kukwera pang'onopang'ono. Atafika pa nambala wani, anakuwa kuti, "Sabata ya khumi ndi chisanu, sakusunthika, mnyamata wa ku Bangwe!"

Mwini dzina sanamve. Tulo tinali titamuba pa nambala sikisi, kukamwa kuli yasa. Ndipo m'mawa mwake linali Lolemba.

Abale ndi alongo, musaseke kwambiri, chifukwa chitini chimenechi ambiri tili nacho kunsi kwa bedi. Wina chitini chake ndi suti ya Lamulungu. Wina ndi pemphero lalitali lofuna kuti amayi akumbuyo anene kuti koma abambo awa ndi odzozedwa. Wina ndi umboni wothira mchere, wina ndi mpando wa m'komiti umene amaugona akuugwira. Timadzitumizira tokha mauthenga, nkumamwetulira akamatiwerengera.

Tanthauzo lake ndi ili: ulemu wodzipangira wekha uyenera kuusenza wekha, tsiku ndi tsiku, ndipo supuma. Ukautula kamodzi, wagwa. Nchifukwa chake ena mwa ife tafika muno titatopa chonchi, osati ndi khasu, koma ndi kunyamula dzina. Ndipo choopsa si kutopako. Choopsa nchakuti tsiku limene Mulungu adzakutumizire anthu enieni, ochepa, osavala bwino, amene mphatso yako inawapukuta misozi, iwe udzakhala ulibe nthawi. Udzatulukira khomo la kumbuyo kukatumikira anthu amene kulibe.

Mulungu sawerenga mavoti. Iye anakupatsa mawu kuti uimbire amene wakhala patsogolo pako, kaya ndi asanu ndi awiri, kaya ndi mmodzi. Lola ugwe pa nambala imene ili yakodi. Pamenepo ndi pamene Iye akukudikira, ndipo pamenepo pokha ndi pamene munthu amagona tulo teniteni.