Waya Wakale wa a Pyo

Mumsewu wonse wokwera chitunda uja ku Incheon, nyumba imodzi yokha ndiyo inatsala ndi intaneti ya pawaya wakale wa telefoni, nyumba ya a Pyo Man-su. Anyamata a kampani atabwera kudzakoka waya watsopano wothamanga wa faiba, a Pyo anawabwezera pakhomo. Ankati khoma lawo silibooledwa, wakaleyo ngwotchipa, ndipo nkhani amawerenga bwinobwino. Bwinobwino wake uti, poti tsamba lisanatseguke akazi awo, a Sun-ok, ankatha kutsuka mpunga n'kuutereka? Koma munthu wouma manja akawonjezapo kuuma mutu, mumangotaya malovu.

Chaka chimenecho bambo awo a Pyo anali atamwalira, ndipo chikondwerero cha zokolola cha Chuseok chinali choyamba popanda iwo. M'mawa wa tsikulo, mwana wamwamuna wamkulu ndiye amathira mowa woyamba patebulo la makolo, ndipo wamkuluyo anali a Pyo. Mayi awo, kwawo kutali ku Mokpo, anali ataimba kale foni kuti chaka chino pasakhale zifukwa.

Matikiti a sitima a nyengo imeneyi ndani sawadziwa? Amayamba kugulitsidwa pa intaneti m'mawa, tiyi asanazizire atha. A Sun-ok anachonderera kuti anyamata aja aitanidwe nthawi ikadalipo, apo ayi tsikulo bambowo apite kumalo olipira makompyuta kumene ana amasewera magemu.

"Bambo a Nari, dziko lonse lidzakhala likulimbirana sitima zomwezo. Kawaya kanuka kadzakuchititsani manyazi."

"Ine ndikakhale pakati pa tiana tamamina?" anatero a Pyo. "Ndidzadzuka onsewo ali m'tulo, muone."

Anadzukadi. Kunja kusanayere anali pampando, magalasi pamphuno, chala chili chire. Nthawi itakwana anadina, kachizindikiro n'kuyamba kuzungulira. Kanazungulira mpaka kuseri kwa khoma anamva mnansi wawo, munthu wozolowera kudzuka dzuwa litakwera, akuuza mkazi wake kuti wapeza mipando ya pawindo. Pamene tsamba la a Pyo limatseguka, sitima zonse za ku Mokpo zinali zitadzaza. Mabasi nawo chimodzimodzi. Galimoto anaigulitsa kalekale, ati imamwa mafuta.

Mng'ono wawo Tae-gil ku Mokpo, pofuna kuwabisira manyazi, anakonza zoti adzaimika foni pafupi ndi tebulo kuti akuluwo adzaoneke pavidiyo. Anagwirizana kuti a Pyo akagwada n'kudzuka, adzanena mawu, Tae-gil n'kuthira mowawo m'dzina lawo.

Tsikulo a Pyo anavala suti, n'kuyala mphasa patsogolo pa kompyuta. Anaona tebulo lodzaza zipatso, nsomba ndi timikate tampunga, chithunzi cha bambo awo chili pakati. Anagwada, chipumi n'kugunda pansi. Pomwepo waya uja anachita zake. Ku Mokpo anthu anangotsala akuyang'ana dazi la a Pyo ndi msana uli m'mwamba, osasuntha. Anadikira. Ana anayamba kutsinana ndi kubisa kuseka, msuzi ukuzizira patebulo. Kuno a Pyo anali atadzuka kale, akubwereza mawu aja kwa chithunzi chouma.

Mawu ndiwo anayamba kubwerera, ndipo anali a mayi awo, otsika, osakalipa.

"Tae-gil, thira mowawo m'dzina lako. Bambo ako adikira mokwanira. Ukatero uzimitse chinthucho."

Chithunzi chitabwera, a Pyo anaona mng'ono wawo akuika kapu patsogolo pa bambo awo ndi manja awiri. Kenako kunada.

A Pyo anakhala pansi pamphasapo nthawi yaitali. A Sun-ok sananene kuti ndinakuuzani, anangotenga jekete la suti n'kukalipachika. Munthuyo ankamvetsa chisoni, koma ankapsetsanso mtima, chifukwa dzenje limeneli anakumba yekha anzake akumuletsa.

Sabata yotsatira anyamata aja anabwera. Kabowo kamene anaboola pakhoma n'kosalowa ndi chala chomwe. Tsopano masamba amatseguka ngati mphezi, koma mowa woyamba wa bambo awo unathiridwa kale, ndipo suthiridwa kawiri. A Pyo ankayesa mpikisano unayamba m'mawa umene analawirira uja, chonsecho unayamba tsiku limene anansi ankaboola makoma iwo akutseka chitseko. Pajatu akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.