Mkamwini Amene Ankangoyenda M'madzi

Lero masana ndinaima pa mlatho, kuonerera chimakina chachikasu chija chikukumba mchenga mumtsinje. Chimatapa ndi dzanja limodzi, n'kutembenuka, n'kukhuthula kumtunda. Chapatali pang'ono ana anali kumenya mpira, mumtsinje momwemo. Pamene ine ndinkanyamuka kupita ku Joni, pamalo amenewo nsungwi yoyendetsera bwato inkamira yonse osagunda pansi. Malemu agogo anu aakazi anandiperekeza powoloka atagwira bwato ndi manja onse awiri, maso ali chotsinzina. Nditabwerako ndinawoloka nditavala nsapato. Tsono senderani kuno, mumve nthano imene iwo ankaikonda.

Kalekale, nyama zisanaleke kufunsira mbeta m'midzi ya anthu, kunali mayi wina dzina lake Nachanza. Nyumba yake inali m'mbali mwa mtsinje. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Mwatitha, ndi nkhokwe imodzi yaikulu imene chiimikire sinadzazepo. Nkhokweyo ndiyo inkamuwawa mumtima. Ankafuna kuti chaka china idzaze mapira mpaka kudenga, amayi anzake asiye kumuseka.

Tsono Mvuu anabwera kudzafunsira Mwatitha. Nachanza anasuzumira pa mpanda, naona mapewa aja, ndipo m'mutu mwake anaona mizere ya munda ikufika kuphiri. Anavomera tsiku lomwelo. Nkhoswe wa ukwatiwo anali Nkhanu. Mvuu analowa chikamwini, namanga nyumba kuseri kwa ya apongozi ake, khomo lake ngati la khola.

Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, ndipo sankalankhulana. Akakumana panjira, mkamwini ankapatukira kutchire n'kubisala mpaka apongozi adutse. Mawu olemera onse ankadzera kwa ankhoswe. Mvuu anali wamwambo. Akaona Nachanza akubwera, ankabisala kuseri kwa mtengo wa therere. Mimba inkaonekera uku, matako uku. Nachanza naye ankadutsa akuyang'ana kumwamba, n'kumati, "Lero njira ilibe anthu."

Koma Mvuu sankalima. M'mawa uliwonse ankalowa mumtsinje, n'kuyenda pansi pa madzi mpaka m'tsinde mwa mapiri, n'kubwerera. Mapazi ake ankavundula mchenga, chifuwa chake chinkakankha mitengo yogwa ndi zinyalala, ndipo madzi ankanyamula zonsezo kupita nazo kumunsi. Bambo wake ankatero, agogo ake ankatero. Palibe amene ankaitcha ntchito, chifukwa inalibe khasu.

Pamtondo amayi anayamba kuseka.

"Anachanza, akamwini anu akusambabe?"

"Asiyeni," anatero wina. "Mwina chaka cha mawa ayera."

Nachanza anasinja mwaukali mpaka mapira kudumpha mumtondo. Kenaka anaitanitsa Nkhanu, namuphikira phala, namuuza kuti mkamwini asankhe: khasu kapena njira ya kwawo.

Nkhanu mumamudziwa mayendedwe ake. Sapita kumene maso akuyang'ana. Mawu akenso ankayenda chomwecho, cham'mbali. Mawu ochokera kwa apongozi ankawathira tsabola, koma mawu opita kwa apongozi ankawathira uchi, pakuti kumeneko n'kumene kunkachokera phala. Anakauza Mvuu kuti akapanda kugwira khasu mawa, Mwatitha amupatsa Njati.

Mvuu ankamukonda mkazi wake. Anatuluka m'madzi.

Khasu loyamba analithyola mpini. Lachiwiri analikhalira. Lachitatu analimeza mwangozi poyasamula, ndipo kuyambira pamenepo ankalima ndi mano. Dzuwa linamung'amba khungu, Mwatitha n'kumamudzoza mafuta a nsatsi mtsuko wathunthu. Anamulukiranso chipewa cha mlaza, chimene chinkaphimba khutu limodzi lokha. Munda unakula ndithu. Utafika pa bango la m'mbali mwa mtsinje, Nachanza anatumiza mawu akuti munthu sadya bango, lizulidwe. Mvuu anazula. Mvula itagwa, dothi la m'munda linatsetserekera mumtsinje, ndipo munalibe woyendamo.

Chaka chimenecho mapira anafika m'chiuno mwa nkhokwe. Mtsinje unafika m'mawondo mwa munthu.

Mvuu anaitana Nkhanu. "Mukawauze amayi kuti mtsinje ukukwiririka. Andilole ndiziyendamo m'mawa, kumunda ndizipita masana."

Nkhanu ananyamuka. Anadzera kudimba, anadzera kumaliro a mudzi wina, nafika phala litapsa. Anawomba m'manja, nati mkamwini akuthokoza kwambiri, ndipo akuti mtsinje wasiya kuopsa, ana atha kumasewera popanda nkhawa. Nachanza anakondwa, namuonjezera phala.

Chaka chachiwiri mapira anafika m'khosi mwa nkhokwe. Mtsinje tsono nkhuku zinkawoloka ndi anapiye awo. Mwini bwato ankasenza bwato lake pamutu, anthu n'kumayenda pambuyo pake, pofika tsidya n'kumuthokoza. Milamba inkabwera pakhomo pa Mvuu ndevu zili mbuu ndi fumbi, kudzapempha madzi akumwa.

Mvuu anaitananso Nkhanu. "Mukawauze amayi kuti madzi akadzabwera adzasowa njira. Adzalowa m'mudzi."

Nkhanu anakafika, nawomba m'manja, nati mkamwini akuti apongozi ake asamavutike ndi mtsuko, posachedwa madzi azidzawapeza pakhomo.

"Mwana ameneyu ali ndi ulemu," anatero Nachanza. "Kungoti ankachedwa ndi kusamba."

Mwatitha anamva zimenezi ali kuseri. Analowa, nagwada, nayamba kufotokoza zimene mwamuna wake ananenadi. Mayi wake anamudula.

"Iwe unakhala nkhoswe liti? Wakutuma kuti abwerere kokasamba. Pita ukamudzoze."

Chaka chachitatu nkhokwe inadzaza. Mapira anafika kudenga, ena n'kumasuzumira panja. Nachanza ankakhala pansi pake kuyambira m'mawa, kuti aliyense wodutsa amupatse moni pamenepo. Koma mtsinje unali utakwera kuposa mudzi. Amayi sankanenanso kuti ndikutsikira kumadzi, ankati ndikukwera kumtsinje. Akafika pamwamba ankafukula mchenga ndi chipande kuti apeze madzi. Amuna anakumba bawo pakati penipeni, chifukwa panali kamphepo kabwino.

Mitambo itayamba kuda kumapiri, Mvuu anaitana Nkhanu kachitatu. Anamugwira ndi milomo, namuika pa chitsa kuti ayang'anane.

"Ankhoswe, musakhote. Mukanene kuti nkhokwe ipita ndi madzi. Mawu ake ndi omwewo."

Nkhanu analumbira. Anafika, naona mphika uli pamoto, nawomba m'manja. Anati mkamwini akuti nkhokwe ya apongozi ake itchuka chaka chino, ndipo midzi yonse ya kumunsi iiona ndi maso.

Nachanza anasekerera mpaka kuonetsa usinini. Tsiku lomwelo anazira nkhokwe ndi dothi lofiira, kuti anthu a kumunsiwo akaipeze yokongola.

Madzi anabwera m'mawa dzuwa likuwala. Pamudzipo sipanagwe ngakhale dontho, mvula inagwa kumapiri. Madziwo anatsika ndi njira yawo yakale, naipeza yotseka. Anaima pang'ono ngati mlendo wosokera. Ndipo anaona kuti kumudzi n'kotsika, nakhotera komweko. Sanaodire. Analowa m'nyumba, natulutsa mphasa, miphika ndi mbuzi.

Anthu anathamanga kufuna pouma. Chulu chinamira. Mabwalo anamira. Malo ouma m'dziko lonselo anali amodzi okha, mumtsinje. Tsono mudzi wonse unathawira mumtsinje, n'kukhala pamchenga, kumayang'ana nyumba zawo zikusambira.

Nachanza sanathawe. Anakwera padenga la nkhokwe nalikumbatira. Madzi anazula miyendo ya nkhokweyo, ndipo inanyamuka pang'onopang'ono, mwini wake ali pamwamba ngati tambala.

Mvuu anasiya Mwatitha pamchenga, nalumphira m'madzi. Anaipeza nkhokweyo mosavuta. Kuikankha ndi mphuno kamodzi kokha, ikanafika pouma mapira asananyowe. Koma mkamwini sakhudza nkhokwe ya apongozi popanda chilolezo. Komanso apongoziwo anali pomwepo, choncho anabisala kuseri kwa tsamba la dzungu limene linkayandama. Nachanza anamuona, natembenukira kwina.

Nkhanu anali atakakamira kumchira wa Mvuu. Mvuu anamutuma kuti akapemphe chilolezo msanga. Nkhanu anasambira cham'mbali, nazungulira nkhokwe, nakwera padenga, nakhala bwinobwino, nawomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka, kaya inu ankhoswe."

"Msana uja uli bwanji?"

"Ukuchepako."

"Nanga nkhuku?"

"Ndi izo zikudutsazo."

Pansi pa nkhokwe panali patayamba kulemera. Dothi lofiira lija linkasungunuka, madzi n'kumalowa m'mapira. Nachanza ankamva nkhokwe ikutsika pansi pake. Ankadziwa chimene chinali kuseri kwa tsamba la dzungu, ndipo ankadziwa kuti mawu amodzi akwanira. Koma pamchenga paja panali amayi onse a pamtondo, maso ali pa iye. Anangofunsa Nkhanu ngati wabwera ndi mawu.

Nkhanu anati mawu alipo, koma si aulemu kuwanena munthu asanafunse za kumudzi kwawo kwa mkamwini. Anayamba ndi azakhali a Mvuu.

Ali pa azakhali achiwiri, nkhokwe inaphulika. Mapira onse anamwazika pamadzi, ndipo milamba ija inabwera ndi abale awo. Nachanza anagwera m'madzi chagada. Anamira, navuuka, namiranso. Povuuka kachiwiri anayang'ana tsamba la dzungu maso ndi maso.

"Apongozi, nditoleni!"

Mvuu anataya tsamba. Analowa pansi pake, namunyamula pamsana, napita naye mumtsinje pouma. Anthu anayang'ana kumbali kuti asaone mayi atakwera mkamwini wake, koma ana anaona, ndipo anauza ana awo.

Nachanza anakhala pamchenga, madzi akuchucha m'makutu. Anayang'ana nsungwi za nkhokwe yake zikupita kumidzi ya kumunsi. Kenaka, poti manyazi anali atapita kale ndi madzi, analankhula osatembenuka.

"Mukanandiuza, apongozi."

"Ndinanena katatu, amayi."

Onse anayang'ana uku ndi uku kufuna Nkhanu. Anangoona kadzenje m'matope, ndi timaso tiwiri tikubwerera m'kati.

Madzi ataphwa, Nachanza anauza Mvuu ndi pakamwa pake kuti abwerere kumtsinje. Mvuu anakwera pamchenga paja, nayenda uku ndi uku, fumbi lili kobo. Anabwerako n'kunena kuti mapazi ake amavundula mchenga uli m'madzi, koma phiri sangalivundule. Zimene akanachita yekha poyenda m'mawa, tsopano zinafuna mudzi wonse.

Tsono chilimwe chonse anthu anakumba. Amuna ndi makasu, amayi ndi madengu pamutu, kutuluka mumtsinje n'kukathira kutali. Anadzalanso bango m'mbali. Nachanza ankasenza nawo, msana uja ukulira. Chaka chimenecho kunalibe mapira. Ankadya nyika, timizu takuda ta m'dambo, timene Mvuu ankafukula ndi mphuno n'kudzatula pakhomo. Amayi a pamtondo sanasekenso, pakuti mitondo inali itapita, ndipo nawonso ankadya nyika za mkamwini yemweyo.

Mvula yotsatira madzi anatsika kumapiri, napeza njira yawo ili yotsegula, nadutsa osayang'ana mudzi. M'mawa mwake Mvuu analowa m'madzi. Nachanza anaima pagombe ndi dengu lopanda kanthu, namufunsa ngati kumapiri n'kutali. Mvuu anati n'kutali ndithu.

"Pitani msanga," anatero. "Musachedwe ndi zolima."

Phunziro lake ndi ili, adzukulu anga. Mtsinje ndi njira ya madzi, ndipo njira imalambulidwa mwini wake asanafike. Mukaukwirira, madzi sabwerera kumapiri, amadzera m'nyumba mwanu. Kumbani chilimwe, dzuwa lili pamutu, musadikire mitambo. Ndipo mawu onena za ngozi musawatumize ndi munthu amene akudikira phala. Nenani nokha, ngakhale kwa apongozi.

Nthano yanga yagona pamenepo.

Pakati pake panali nyimbo, imene Mwatitha ankaimba podzoza mwamuna wake mafuta. Agogo anu ndiwo ankaiyambitsa, ine ndinkangovomera. Ndayesa kuikumbuka, yakana. Tsono iwe wa sukulu, mawa ubwere ndi pensulo, ulembe nthanoyi monga ndanenera, ndipo pamene panali nyimbo usiyepo malo. Mwina tsidya lija alipo wina amene akuidziwabe.