Mwala wa Njiri ndi Miyendo ya Fisi

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati ine ndi inu, kunali Njiri wamasiye amene ankakhala ku una m'mbali mwa phiri. Njiri anali woyembekezera, koma mtima wake sunali m'malo. Chaka chapitacho anabereka ana anayi, Fisi n'kudya onse. Pakhomo pa una ankatsekapo ndi kamwala, ndipo Fisi ankangokakankha ndi mphuno.

Pafupi ndi unawo panali chimwala chachikulu ngati mbiya ya mowa. Njiri anachikankha, osasuntha. Anachikankhanso, osasuntha. Ndiye anapita kwa Chiuli, kanyama kakang'ono koma kamphamvu, koti ngakhale mkango umakapatukira.

"Achimwene," anatero Njiri, "kwatsala miyezi itatu kuti ndichire. Mphamvu zanuzi munazitola kuti?"

Chiuli anamuuza kuti mphamvu satola, amachita kumanga ngati nyumba. Anamusankhira mwala ngati dzungu, namuikira masiku atatu. Loyamba azikankha mwalawo ndi khosi ndi mapewa kasanu. Lachiwiri azikwera nawo chulu kasanu, kuti miyendo ilimbe. Lachitatu azipuma, kudya mizu yambiri ndi kugona. Akatero ayambirenso.

Njiri anaona kuti dzungulo n'chibwana. M'mawa mwake anakayamba ndi mwala ngati mtondo, msana n'kuti thyo! Anagona masiku anayi akubuula. Chiuli atabwera kudzamuzonda sanamukalipire. Anangomubweretsera mwala wocheperanso kuposa dzungu lija, nati ayambire pamenepo.

Njiri anamvera. Anakankha, anakwera, anapuma. Anakankha, anakwera, anapuma. Mwezi utatha mwalawo ankauponya ngati chitsononkho, koma chimwala chija chinali chikhalire. Anakadandaula kwa Chiuli.

"Achemwali, mwala ukakupepukirani ndiye kuti wasiya kukuphunzitsani," anatero Chiuli. "Tengani wokulirapo pang'ono. Pang'ono, osati kwambiri."

Masiku onsewa Fisi ankasuzumira ali pa tchire. Poyamba ankaseka mpaka kugubuduka. Koma ataona khosi la Njiri likunenepa, kuseka kunatha. Nayenso anapeza miyala yake. Tsiku la khosi ndi mapewa analikonda, chifukwa akadziyang'ana pa dziwe ankaoneka ngati njati. Za chulu anati n'zotopetsa, ndipo miyendo yakumbuyo palibe amaiona. Za kupuma anati n'za ofooka. Choncho iye tsiku lililonse mapewa, tsiku lililonse mapewa.

Mwezi wachitatu mimba ya Njiri inakula, ndipo akakwera chulu katatu mpweya unkamuthera. Anaopa kuti zonse zapita pachabe. Chiuli anamuyang'ana, nati kasanu kaja kanali ka thupi lina, tsopano azikwera katatu, ndipo azipuma masiku awiri. Njiri anadabwa kuti atachepetsa, mphamvu zinachita kuwonjezeka.

Tsiku lina anaika mutu pa chimwala chija, naponda zolimba. Chimwala chinati gwedegwede, kenaka chinagubuduka mpaka pakhomo pa una. Njiri analowa, nachikokera pakhomo ali m'kati. Patapita masiku awiri anabereka ana asanu.

Fisi anamva fungo. Anafika dzuwa likutuluka, mapewa ali tutumu.

"Odi, alamu! Ndabwera kudzaona ana."

"Ana akugona," anayankha Njiri ali m'kati. "Ndipo chitseko changa n'cholemera."

"Cholemera kwa inu."

Fisi anaika phewa pa chimwala. Njiri anaika mutu mbali inayo, miyendo yakumbuyo itazikika m'dothi. Fisi anakankha, chimwala chinalowa pang'ono, Njiri n'kuchibweza. Fisi anakankhanso, chinalowa kwambiri mpaka ana anayamba kulira, Njiri n'kuchibwezanso. Kachitatu Fisi anasonkhanitsa mphamvu zonse. Mapewa anali nazo ndithu, koma miyendo yakumbuyo, yoonda ngati mapesi, inayamba kunjenjemera. Njiri anamva kuti uko kwafewa. Anapuma kamodzi, nakankha ndi thupi lonse.

Miyendo ya Fisi inapindika. Chimwala chinamugunda m'chiuno, ndipo anagubuduka nacho limodzi mpaka kutsinde kwa phiri. Anadzuka akukwekwereza kumbuyo, osacheukanso. Madzulo ake Njiri anatsikira komweko, nakweza chimwala chake yekha, Chiuli akungoyenda pambali manja ali kumbuyo. Ana asanu aja anakula onse.

Mpaka lero mukamuona Fisi, kutsogolo ndi chimphona, kumbuyo kotsika ngati watsala pang'ono kukhala pansi.

Ndiye inu amene mukufuna mphamvu, yambani ndi mwala umene mungauthe, muziwonjezera pang'onopang'ono, thupi likayankhula muzilimvera, ndipo chiwalo chimene mwachinyoza n'chimene chidzakugwetseni. Nthano yanga yathera pamenepa. Ali pafupi ndi moto aphule mbatata, yapsa.